Madayagonolo afanana, kodi ndiye kuti maziko ali pa sikweya?

Achemwali_a_ku_Mpondasi

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amisiri ndi aphunzitsi a masamu. Nyumba imene tikufuna kumanga kuno ku Mpondasi pa pulani ndi ya mamita 12 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi. Zikhomo zakhomedwa, zingwe zakokedwa. Mmisiri wayeza kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopenyana nayo, wayezanso kwinaku, ndipo konse tepi yawerenga mamita 14.84. Iye akuti poti madayagonolo afanana, nyumba ili pa sikweya, anyamata ayambe kukumba. Mwana wanga wa Fomu 3 akukana, akuti panayenera kutuluka 15. Akunena zoona ndani? Chinanso, puloti yake mbali zake ndi mamita 30, 40, 30 ndi 40, ndipo tinauzidwa kuti ndi masikweya mita 1,200. Kodi kungochulukitsa 30 ndi 40 kumakwanira?

Mphunzitsi_wa_Masamu

Achemwali, asakumbe kaye. Mwanayo akunena zoona, koma chifukwa chake n'chachikulu kuposa 15 amene akunenayo.

Rekitango ndi chinthu cha mbali zinayi chomwe ngodya zake zonse ndi madigiri 90. Tanthauzo lake ndi lomweli basi. Kufanana kwa madayagonolo ndi chotsatira chabe cha tanthauzolo. Rekitango iliyonse madayagonolo ake amafanana, inde, koma si chilichonse cha madayagonolo ofanana chomwe ndi rekitango. Apa m'pamene amisiri ambiri amagwera.

Taonani chitsanzo. Khoma lakumaso likhale mamita 12, lakumbuyo 11.6, am'mbali onse awiri mamita 9, ndipo onse apendekere mkati mofanana, masentimita 20 uku, masentimita 20 uko. Chinthu chotere ndi trapezium ya miyendo yofanana. Dayagonolo yake timaipeza pochulukitsa 12 ndi 11.6, zomwe ndi 139.2, n'kuphatikiza 9 × 9, zomwe ndi 81. Zonse pamodzi 220.2, ndipo nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 220.2 ndi 14.84. Madayagonolo onse awiri ndi 14.84, ndendende zomwe tepi yanu yawerenga, koma palibe ngodya ngakhale imodzi ya madigiri 90. Ziwiri zakumaso ndi 88.7, zakumbuyo 91.3.

Sindikunena kuti zanu zili choncho. Rekitango yeniyeni ya 11.8 ndi 9 imaperekanso 14.84, ya 12 ndi 8.73 chimodzimodzi. Madayagonolo okha sangatiuze kuti mwa zitatuzi chachitika n'chiti. Chomwe akutiuza n'chakuti nyumbayo si ya 12 ndi 9 yokhala pa sikweya, chifukwa 12 × 12 ndi 144, 9 × 9 ndi 81, pamodzi 225, ndipo 15 × 15 ndi 225. Masentimita 16 asowa penapake.

Lamulo lathunthu lili ndi magawo awiri, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika. Choyamba, mbali zopenyana zifanane: lakumaso ndi lakumbuyo, lakumanja ndi lakumanzere. Zikatero muli ndi parallelogram. Kenako madayagonolo afanane. Umboni wake ndi waufupi. Tchulani ngodya A, B, C, D mozungulira. Thirayango ABD ndi thirayango BAC zili ndi mbali AB yogawana, AD ndi BC n'zofanana, BD ndi AC n'zofanana. Mathirayango awiri a mbali zitatu zofanana amakhala ofanana ndi ngodya zomwe, choncho ngodya A ikufanana ndi ngodya B. Mu parallelogram ngodya ziwiri zoyandikana zimakwana 180. Ziwiri zofanana zokwana 180, iliyonse ndi 90. Mu trapezium ija gawo loyamba la umboniwu limayenda bwinobwino, A amafanana ndi B, koma A ndi B sakwana 180, ndiye 90 satuluka.

Pali njira ina yoyesera imene imagwira trapezium nthawi yomweyo. Kokani zingwe ziwiri m'madayagonolo, pomwe zadutsana yezani kukafika pa ngodya zonse zinayi. Pa rekitango ya 12 ndi 9 muyenera kupeza 7.5 kanayi. Pa trapezium ija mupeza pafupifupi 7.55 kumaso ndi 7.29 kumbuyo.

Za 15 zija n'zakalekale. Zili m'buku loyamba la Elements la Euclid, wa ku Alexandria, cha m'ma 300 BC, pa mfundo 47. Koma imene mmisiri amagwiritsa ntchito pa malo ndi mfundo 48, yotembenuza: ngati mbali zitatu za thirayango zikukwaniritsa kuwerengera kuja, monga 144 kuphatikiza 81 kukwana 225, ngodya yopenyana ndi mbali yaitali ndi ya 90. Ana asukulu amaloweza 47, ya 48 saidziwa, chonsecho ndi yomwe imamanga nyumba.

Mmisiri_wa_ku_Koche

Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndinene za pa malo, chifukwa nambala zikhoza kukhala zolondola pa pepala, tepi n'kunama.

Musayambe ndi zikhomo zinayi n'kumazisuntha mwachisawawa. Yambani ndi mzere umodzi womwe sudzasunthanso, nthawi zambiri khoma lakumaso, lotsata msewu kapena malire monga pulani yovomerezeka ndi khonsolo ikunenera. Khomani chikhomo A ndi chikhomo B, pamutu pa chilichonse mukhome msomali waung'ono. Muyezo umachokera pa msomali, osati pa chikhomo, poti mutu wa chikhomo wokha ungakhale masentimita 5 ndipo aliyense amagwira tepi pomwe wakonda. Pakati pa misomali pakhale 12.00.

Tsono tengani matepi awiri. Ina ikoleke pa msomali A, muwerenge 9.00. Ina ikoleke pa msomali B, muwerenge 15.00. Munthu mmodzi agwire manambala awiriwo pamodzi, akoke mpaka matepi onse aume. Pomwe akumana m'pa ngodya D. Sinthanani, 9.00 kuchokera pa B, 15.00 kuchokera pa A, mwapeza C. Muyezo wotsiriza ndi C mpaka D, ndipo ukuyenera kutuluka 12.00 wokha popanda kuukakamiza. Ukapanda kutuluka, pali tepi yomwe inagwa m'mimba kapena munthu anawerenga molakwika. Bwerezani.

Ambiri amadziwa thirayango ya mbali 3, 4, 5 yopangira ngodya ya madigiri 90 ndipo ndi yolondola, koma kukula kwake kuli ndi ntchito. Mukapanga ya masentimita 30, 40, 50 n'kuphonya mamilimita 2 okha pa 50 paja, khoma la mamita 12 likafika kumapeto litapatuka masentimita 10. Pa ya mamita 3, 4, 5, kuphonya sentimita imodzi kumapatutsa khoma lomwelo masentimita 5. Pa 9, 12, 15 sentimita yomweyo siifika masentimita awiri. N'chifukwa chake sikweya yachitsulo ya kalipentala siiyenera kuyalira maziko: ndi yoyezera njerwa ndi mafelemu. Nyumba yanu ili ndi mwayi poti 9, 12, 15 ndi 3, 4, 5 yomweyo yochulukitsa katatu. Nyumba ya 8 ndi 11 ilibe nambala yokongola, mumangowerengera 64 kuphatikiza 121, ndiye 185, dayagonolo n'kukhala 13.60.

Mbali zikafanana koma madayagonolo n'kusiyana, musazule zikhomo zonse. A ndi B zikhale, C ndi D zisunthe limodzi, motsata khoma lakumbuyo, kulowera komwe kukufupikitsa dayagonolo yaitaliyo. Pa nyumba ya 12 ndi 9 kusiyana kwa madayagonolo kumakhala kuwirikiza 1.6 kupatuka kwa khoma. Akasiyana masentimita 8, sunthani masentimita 5. Anthu amasuntha 8 yense, n'kupeza kuti zapendekera kwina, tsiku n'kutha akuthamangitsana ndi tepi.

Onaninso kuti nonse mukuyeza mzere umodzi. Ngati 12 ndi 9 ndi kunja kwa makoma, ndipo khoma ndi la mamilimita 230, mkati mumatsala 11.54 ndi 8.54, dayagonolo yamkati n'kukhala 14.36. Wina akagwira kunja, mnzake mkati, mupeza nambala yosadziwika komwe yachokera.

Za zingwe. Twaini ya nayiloni yosokera maukonde imapezeka paliponse kuno ndipo ndi yabwino kuonetsera mzere, koma musayezere utali, imatamuka. Tepi yansalu kapena yapulasitiki nayo imatalika ikakokedwa mwamphamvu, makamaka yakale. Yachitsulo ndiyo yodalirika. Kutentha kwa mu Okutobala kumaitalikitsa, koma pang'ono: tepi ya mamita 30 yomwe inakonzedwera madigiri 20 imaonjezera pafupifupi mamilimita 5 kukafika madigiri 35. Pa nyumba yogona izi sizodetsa nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi mchenga. Kufupi ndi nyanja kapena ndi Shire chikhomo chachifupi chimatsatira tepi mukakoka. Chikhale chachitali, chilowe masentimita 40 kapena kuposa.

Zikhomo za pa ngodya zimazuka pokumba, choncho mizere isamutsireni pa matabwa opingasa okhomedwa mita imodzi kapena imodzi ndi theka kunja kwa ngalande, msomali uliwonse pa malo pake. Mukatero thirani phulusa kapena laimu pansi motsata zingwe, chotsani zingwe, akumbe. Pothira konkire ndi poyala njerwa zoyamba mubwezeretse zingwe pa misomali ija, muyezenso miyezo isanu ndi umodzi yonse: mbali zinayi ndi madayagonolo awiri.

Wopima_Malo

Ndionjezere chinthu chimodzi pa zomwe achimwene a ku Koche anena, kenako ndiyankhe za puloti.

Masamu onse aja ndi a malo athyathyathya. Tepi ikagona motsata chitunda imawerenga zambiri kuposa utali wa pa pulani. Ngati pa mamita 12 nthaka yatsika mita imodzi, tepi iwerenga 12.04, chifukwa 144 kuphatikiza 1 ndi 145. Ikatsika mamita awiri iwerenga 12.17. Ku Mpondasi malo ambiri ndi osalala, koma omanga ku Namwera kapena m'mphepete mwa mapiri a ku Monkey Bay asamale. Choipa kwambiri n'chakuti madayagonolo awiri nthawi zambiri satsika mofanana, ndiye nyumba yolondola imaoneka yokhota, yokhota n'kuoneka yolondola. Mankhwala ake ndi kuika matabwa opingasa onse pa levulo imodzi. Paipi yapulasitiki yoonekera mkati yodzaza madzi imachita ntchitoyi: madzi a kumapeto konse kuwiri amaima pa msinkhu umodzi, bola mkati musakhale thovu la mpweya ndipo paipi isapindike. Yezani pa zingwe zomwe zili pa levulo, mfundoyo muitsitsire pansi ndi pulamu, kachitsulo kolendewera pa chingwe.

Tsono puloti. Mbali zinayi zokha sizinena kukula kwa malo. Felemu ya chitseko yomwe sinakhomedwe thabwa lopingasa mutha kuikankha n'kupendekera, matabwa ake osasintha utali, koma mpata wamkati n'kuchepa. Thirayango siitero: mbali zitatu zikadziwika, mawonekedwe ake atsekeka. Choncho malo a mbali zinayi amafuna miyezo isanu, mbali zinayi ndi dayagonolo imodzi. Dayagonolo yachiwiri ndi yotsimikizira.

Puloti ya 30, 40, 30, 40 ndi masikweya mita 1,200 pokhapokha dayagonolo yake ili 50. Tiyerekeze kuti mwayeza mwapeza 58. Malowo agawika mathirayango awiri a 30, 40, 58. Njira ya Heron, wa ku Alexandria nayenso, imapeza kukula kwa thirayango ndi mbali zokha. Phatikizani mbali zitatu, 128, tengani theka, 64. Chotsani mbali iliyonse pa 64: mupeza 34, 24 ndi 6. Chulukitsani 64 × 34 × 24 × 6, zomwe ndi 313,344, ndipo square root yake (nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 313,344) pa foni ndi pafupifupi 560. Mathirayango awiri ndi 1,120. Masikweya mita 80 palibe, malo okwana kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khonde lake. Ngati mbali zili zosiyana zonse, njira ndi yomweyo, kungoti thirayango iliyonse muiwerengere payokha.

Pogulitsana minda m'midzi anthu amakonda kuphatikiza mbali zopenyana, kutenga theka, n'kuchulukitsa matheka awiriwo. Njirayi ndi yakale zedi, inalembedwa ngakhale pa makoma a kachisi wa ku Edfu ku Egypt. Vuto lake limapita mbali imodzi nthawi zonse: pa rekitango imalondola, pa china chilichonse imakuza malo. Siichepetsa. Woluza amakhala wogula, ndiponso mlimi amene akuwerengera feteleza ndi mbewu pa ekala yomwe siikwana. Ekala ndi masikweya mita 4,047, hekitala ndi 10,000, kapena maekala 2.47. Puloti yanu, ngakhale itakwana 1,200, ndi yochepera pang'ono pa gawo limodzi mwa magawo atatu a ekala.

GPS ya pa foni musaidalire pa puloti yotere. Imaphonya ndi mamita angapo, ndipo mamita atatu pa mbali ya 30 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa munda wa mahekitala asanu ingakupatseni chithunzi, pa puloti ya m'tauni tepi imaiposa. Za malire ovomerezeka ndi mabikoni ndi ntchito ya saveya wokhala ndi chiphaso, tepi yanu ndi yongodziwira ngati pali chofunika kufunsa.

Achemwali_a_ku_Mpondasi

Zikomo nonse. Tayezanso pa misomali: lakumaso 12.00, lakumbuyo 11.62, am'mbali 9.00 ndi 9.01. Mmisiri akuti masentimita amenewo pulasitala adzabisa. N'zoona? Nanga khonde lotuluka kumaso, lomwe likupangitsa nyumba kukhala ngati L, tiliyeza bwanji?

Kalipentala_wa_ku_Namwera

Mayi, pulasitala ndi wa mamilimita 12 mpaka 20. Apa mukukamba za masentimita 19 mbali iliyonse. Sangabise, ndipo amene adzalimbane nazo ndi wokhoma denga ndi woyala matayilosi.

Lata limachoka ku fakitale lili rekitango yeniyeni, silipindika kuti litsate khoma. Lata la mtundu wa IBR limaphimba mamilimita 686 m'lifupi. Denga likapatuka digiri imodzi, mumasankha chimodzi mwa ziwiri. Mukatsata khoma la m'mbali, lata lililonse limatsogola kapena kutsalira mamilimita 12 kumunsi, mzere wa kumapeto n'kukhala ngati mano a sowo. Mukatsata mzere wa kumunsi, kumunsiko kumakongola koma lata lomaliza limatuluka kunja kwa khoma kumwamba kapena kulephera kuliphimba, ndiye mumalidula mopendekera. Pa trapezium ngati yanuyi vutoli lili mbali zonse ziwiri. Podula m'pomwe dzimbiri limayambira, ndipo mwera ukamawomba m'miyezi yozizira kapena mvula ya mkuntho ikabwera, malo omwe malata sanakumbatirane bwino ndi omwe amayamba kulira ndi kudontha.

Matayilosi ndiye saulula pang'ono. Chipinda cha mamita 4 chopatuka madigiri 1.2 chimasiyana masentimita 8 kuchoka uku kufika uko. Mzere womaliza wa matayilosi umayamba wonenepa n'kumaonda, aliyense wolowa amauona. Siling'i bolodi chimodzimodzi, kabati ya pa ngodya siikhala.

Matabwa a denga nawo ndi thirayango ya madigiri 90. Nyumba ya mamita 9 m'lifupi, theka lake ndi 4.5. Msonga ikakwera mamita 1.5, thabwa lotsetsereka ndi square root ya 20.25 kuphatikiza 2.25, ndiye 4.74, ndipo denga latsetsereka madigiri 18.4. Onjezerani lotuluka kunja kwa khoma musanagule malata, poti masentimita 60 oyezedwa mopingasa amakhala 63 motsata denga. Mathirasi onse, mafelemu a matabwa onyamula denga, amadulidwa pa chikombole chimodzi. Makoma awiri omwe akuwanyamula akapanda kutalikirana mofanana, ena amakhala bwino, ena amalendewera m'mphepete mwa njerwa.

Kukonza panopa ndi kuzula zikhomo ziwiri zakumbuyo n'kuchita za matepi awiri zija, 9.00 ndi 15.00. Ndi ntchito ya ola limodzi.

Mphunzitsi_wa_Masamu

Za L, musayese kuiyeza ngati chinthu chimodzi. Malizani kaye rekitango yaikulu ya 12 ndi 9 ndi miyezo yake yonse. Khonde ndi rekitango yachiwiri yomwe mbali yake imodzi yagona pa mzere AB. Ngati likutuluka mamita 2.4 ndipo ndi la mamita 4.5 m'litali, dayagonolo yake ndi 5.10, chifukwa 5.76 kuphatikiza 20.25 ndi 26.01. Kumbali komwe khoma la khonde likupitiriza khoma la nyumba, musapange ngodya yatsopano. Ingotalikitsani chingwe cha DA kupyola pa A, chifukwa chingwe chachitali chimalondola kuposa ngodya yopangidwa pa kamzere kakafupi.

Pomwe khonde lathera pakati pa khoma, mufunika mzere woima pa madigiri 90 kuchokera pa mfundo ina ya AB, tiitche P. Ngati tepi yachiwiri palibe, chingwe chimakwanira. Yezani utali wofanana kumanja ndi kumanzere kwa P motsata AB, mwachitsanzo mamita awiri uku ndi uku, mukhome misomali. Tengani chingwe chosatamuka cha mamita 6 kapena 7, chipindeni pakati, pakatipo muike chizindikiro. Nsonga zake mangani pa misomali iwiri ija, gwirani pa chizindikiro, kokani mpaka mbali zonse ziume. Mfundo imeneyo yatalikirana mofanana ndi misomali yonse iwiri, choncho ili pa mzere wodula pakati pawo pa madigiri 90, womwe ukudutsa pa P. Mfundo zomangira zidye chingwe chofanana mbali zonse, apo ayi pakati pasuntha. Kuti mutsimikize, sinthanitsani nsonga za chingwe pa misomali n'kukokanso. Chizindikiro chikagwera pamodzimodzi zili bwino, chikagwera pena tengani pakati pa malo awiriwo.